Anthu a mu The Black Arrow: kodi Dick Shelton ndi ngwazi kapena chitsiru chamwayi?

Kafadala
Abale, ndangomaliza The Black Arrow ya Robert Louis Stevenson usiku wathawu, magetsi atazima, ndikuunikira ndi foni. Ndinaligula pa kaunjika wa mabuku m'mbali mwa msewu, chikuto chakumbuyo chitathothoka, ndipo mwini wake wakale analembamo masamu a ngongole zake pa tsamba loyamba. Buku ndi lokoma, sindikukana. Koma pali chimene chikundivuta: Dick Shelton ameneyu akutchedwa ngwazi chifukwa chiyani? Mnyamata anayenda ndi mtsikana m'dambo ndi m'nkhalango, usana ndi usiku, osadziwa kuti John Matcham wakeyo ndi mkazi. Anakulira m'nyumba ya munthu amene anaphetsa bambo ake, anthu akunong'onezana, iye yekha osamva. Anaba chombo cha munthu wosalakwa, chombocho n'kusweka. Anapatsidwa gulu la asilikali, n'kukawamwaza m'nkhalango usiku umodzi wokha. Pamapeto pake ndi yemweyo wakwatira, chuma chabwerera, ulemu wapatsidwa. Ine ndikuti ameneyu ndi chitsiru chamwayi. Amene munawerenga ndithandizeni, mwina pali chimene ndaphonya.

Tsabola265
Simunaphonye kalikonse. Mnyamata uja mutu ndi wongovalira chipewa chachitsulo.

Bongololo
Aaa, ndili pa mutu wachinayi ine, mwandiululira kale kuti akwatirana?

Tsabola265
Buku la 1888 aise. Agogo a agogo ako anali asanabadwe. Palibe chinsinsi apa.

MphunzitsiWopuma
A Kafadala, zonse mwatchulazo ndi zoona, koma mwaiwala msinkhu wa mnyamatayo. Nkhani ikuyamba iye asanakwanitse zaka 18. Amene anamuphunzitsa kuwerenga ndi Sir Oliver Oates, wansembe yemwe dzina lake lili pa kalata ya adani kuti ndiye anadula khosi la bambo ake. Amene anamuphunzitsa kugwira uta ndi lupanga ndi anthu a Sir Daniel Brackley, womulera uja, monga Bennet Hatch. Ndiye tandiuzani, mwana amene aliyense womudyetsa, womuphunzitsa ndi womupempherera ali m'gulu limodzi la chiwembu, choonadi akanachimva kwa yani? Khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Sir Daniel anali atakhala pa mkhate wa moyo wonse wa mwanayo.

Ndipo taonani kuti atangowerenga kalata ija yokhomedwa pa chitseko cha tchalitchi, yosainidwa kuti John Amend-All, sanagone nayo. Anafunsa Hatch, anafunsa Carter, msilikali wa Sir Daniel, ali pa mphasa ya imfa, kenako anakafunsa Sir Daniel maso ndi maso m'nyumba mwake momwe, asilikali ali ponseponse. Chitsiru sichichita zimenezo. Chitsiru chimadya n'kukhala chete.

Kafadala
Aphunzitsi, kulimba mtima ndamupatsa. Koma kulimba mtima ndi nzeru ndi zinthu ziwiri. Kufunsa munthu woopsa ngati uja poyera, zotsatira zake zinali zotani? Anamusamutsira ku chipinda cha pamwamba pa kachisi, chokhala ndi chitseko chobisika pansi, kuti akamuphe usiku. Akanapanda kubwera Joanna, mtsikana uja wodzitcha John Matcham, bwenzi buku litathera pomwepo.

Mai_a_Mapasa
Ine ndabwera kudzateteza Joanna Sedley, chifukwa mukumutchula ngati katundu wa Dick. Mtsikana uja anabedwa kwa womulera, Lord Foxham, n'kuvekedwa zovala zachimuna mokakamiza. Anathawa yekha ku Kettley, hatchi yake n'kutitimira m'thope, anayenda mapazi atatupa, ndipo pa mtsinje wa Till ndi iye amene anavuula Dick m'madzi. Dick yemweyo akumuuza m'njira kuti iye atsikana alibe nawo ntchito, mpaka kufika povula lamba kuti amukwapule! Ndinaseka ndekha m'minibasi anthu n'kumandiyang'ana.

Koma chondipweteka n'chakuti akangovala diresi, Joanna amatha. Gawo loyamba ndi munthu wamoyo, wokangana, wonyoza, wolira, wokwiya. Akangobwerera kukhala mkazi, ntchito yake ndi kudikira kupulumutsidwa basi. Wolemba uja atsikana ankawadziwa pokhapokha akavala buluku.

NyaKaronga
Mayi, nanga Alicia Risingham? Uja sanavale buluku koma pakamwa pake ndi lumo. Amamuseka Dick poyera, kumupatsa dzina lachipongwe ngati woweta mikango. Usiku uja m'nkhalango, chipale chofewa chili mbuu, atadziwa kuti amalume ake, Earl Risingham, afa pa nkhondo imene Dick anathandiza kupambana, anamufunsa mafunso amene palibe mwamuna m'bukumo anamufunsa: unamenyera mbali imeneyi chifukwa chiyani? Dick analibe yankho, mpaka anayamba kunena zokalowa ku nyumba ya amonke.

Mai_a_Mapasa
Alicia ndamuvomera. Koma amabwera mochedwa, ndipo naye pamapeto angomupereka kwa Hamley, wachibale wa Lord Foxham, ngati mphatso ya Khirisimasi.

Tsabola265
Funso la Alicia ndi lomwe likutsimikiza mfundo ya a Kafadala. Lord Foxham atamufunsa Dick kuti uli mbali ya York kapena ya Lancaster, mnyamata anavomera kuti sakudziwa bwinobwino, koma poti akuyenda ndi Ellis Duckworth, mtsogoleri wa gulu la mivi yakuda la m'nkhalango, ndipo Duckworth ali ku York, basi nayenso ndi wa York. Munthu kusankha mbali pa nkhondo yapachiweniweni ngati mmene timasankhira timu ya mpira, kungotsatira achimwene.

MphunzitsiWopuma
Apo ndiye mwagwira pamene pali nkhani, ngakhale mwagwira chozondoka. Ndiloleni ndifotokoze pang'ono za nkhondoyo, chifukwa ambiri timawerenga ngati mbali imodzi inali ya chilungamo.

Mabanja a Lancaster ndi York onse anali zidzukulu za mfumu imodzi, Edward III. Inali nkhondo ya pachibale yolimbirana mpando. Henry VI wa ku Lancaster anali munthu wofatsa, wokonda kupemphera, koma wofooka pa ulamuliro, ndipo mu 1453 anadwala matenda a maganizo kwa nthawi yoposa chaka. Richard, Duke wa York, anayendetsa dziko pa nthawiyo, ndipo mfumu itachira mkangano unabuka. Anamenyana koyamba ku St Albans mu 1455. Mu December 1460 Duke wa York anaphedwa ku Wakefield, koma mu March 1461 mwana wake Edward anapambana ku Towton, pa tsiku la Lamulungu la Kanjedza, chipale chofewa chikugwa, n'kukhazikika monga Edward IV. Zinthu zinadzatha ku Bosworth mu 1485.

Nkhani ya Dick ili mkati mwa 1460 ndi 1461. Nkhondo za Risingham ndi Shoreby zimene zili m'bukumo ndi zopeka, midzi ya Tunstall ndi Kettley momwe aifotokozeramo ndi ya m'mutu mwa wolemba. Koma khalidwe la anthu analitenga m'makalata enieni a banja la Paston la ku Norfolk, lomwe linakhala moyo nthawi imeneyo, ndipo m'makalatamo zimene zadzaza ndi milandu ya minda, kulandana nyumba ndi magulu a zida, ndi kukambirana maukwati ngati malonda. Munthu wamba wa nthawiyo sankamenyera duwa loyera kapena lofiira. Ankapita kumene bwana wake wapita. Ndiye yankho la Dick, lomwe inu mukuti ndi lopusa, ndi yankho loona kwambiri m'buku lonse.

Mlonda_Usiku
N'chifukwa chake ine munthu wanga ndi Clipsby. Mlimi wamba, amaoneka pang'ono chabe kumayambiriro, koma ndi iye amanena poyera kuti Sir Daniel amagona ali wa Lancaster n'kudzuka ali wa York. Palinso mayi uja pa mlatho wodandaula kuti amuna akapita ku nkhondo ya mabwana, otsala adzadya mizu. Njovu zikamamenyana wovutika ndi udzu, ndipo udzuwo m'bukumo umayankhula.

Chitsulo_cha_Njanji
Sir Daniel akanabadwira kuno bwenzi atalowa zipani zonse, nsalu zinayi zili m'sutikesi imodzi. Ndi iye amamuuza Dick kuti akhala kaye ku Kettley mpaka amve amene akupambana, kenako athamangire komweko, ndipo akuti kumeneko si mantha koma nzeru. Gawo 65 la malamulo athu linalembedwera anthu ngati amenewa.

Tsabola265
Ndipo ngakhale gawo 65 likanamulephera.

Woyang'anira_Gulu
Abale, lamulo lathu mukulidziwa. Ndale za kuno zili ndi magulu ake. Tibwerere ku Tunstall.

NyaKaronga
Pepani a Woyang'anira, kanga si ka ndale. Kodi Stevenson ameneyu ndi yemwe uja wa Stevenson Road kwathu kuno, wochoka ku Karonga kulowera ku nyanja ya Tanganyika? Ndakhala ndikuganiza choncho kuyambira ku sekondale.

MphunzitsiWopuma
Ayi mayi, ndi anthu awiri. Wa msewu ndi James Stevenson, wamalonda wa ku Glasgow amene anapereka ndalama zake. Wolemba mabuku ndi Robert Louis, wobadwira ku Edinburgh mu 1850, ndipo anamwalira ku Samoa mu 1894. Onse a ku Scotland, nthawi imodzi, dzina limodzi, basi.

NyaKaronga
Zaka zonsezi ndikunyadira munthu wolakwika.

Gogo_Wamabuku
Ana inu mwasiya Sir Daniel msanga. Mukumuona ngati bilimankhwe wa ndale chabe, koma uchigawenga wake weniweni uli pa ana amasiye. Kalelo ku England mwini malo akamwalira n'kusiya mwana wamng'ono, womulera ankadya ndalama za minda yonse mpaka mnyamatayo atakwanitsa zaka 21, ndiponso anali ndi mphamvu yogulitsa ukwati wake kwa amene wapereka zambiri. Ulezi umenewu unkagulidwa ndi kugulitsidwa ngati mbuzi. Sir Daniel ndiye anali katswiri wa malonda amenewa. Dick ndi munda wake, Joanna ndi munda wake wina. Poyamba akufuna kuwakwatitsa awiriwo kuti adye mbali zonse, zitavuta akumugulitsa Joanna kwa Lord Shoreby, nkhalamba.

Ine pamenepa sindiwerenga ngati nthano. Bambo athu atamwalira ndinali ndi zaka 12. Maliro asanathe n'komwe, m'bale wawo wina anali atatenga kale makiyi a chigayo, akuti ndikusungirani ana mpaka mukule. Ankabwera kunyumba ndi shuga ndi sopo, kutisisita m'mutu, ife n'kumuthokoza mogwada, osadziwa kuti shugayo ndi wa chigayo chathu chomwe. Ndinadzazindikira ndili ndi ana anga kale. Ndiye mukamati Dick ndi chitsiru chifukwa sanaone msanga, ine ndimangoti simunaleredwepo ndi munthu wokudyerani. Munthu wotero sabwera ndi nyanga. Sir Daniel ndi wanthabwala, wolimba mtima pa nkhondo, asilikali ake amamukonda. Kumuda kumafuna kuti uyambe wadana ndi ubwana wako wonse.

Kafadala
Agogo, pepani kwambiri. Pamenepo ndabweza mawu anga, za kusaona msanga ndazichotsa pa mlandu.

Mai_a_Mapasa
Mulungu akutonthozeni agogo. Bola masiku ano lamulo la chuma cha masiye la 2011 lilipo, kulanda katundu wa amasiye ndi mlandu, ngakhale kumudzi ambiri sakulidziwabe.

Mlonda_Usiku
Koma pa zoopsa, palibe malo oposa a wakhate uja. Ine ndimawerenga ku ntchito usiku, ndiye tangoganizani: anyamata awiri m'nkhalango, akumva kabelu kakulira, ngiri ngiri, kenako chete. Akuona munthu wovala chinsalu chophimba nkhope yonse, akuyenda ndi ndodo ngati wakhungu, koma kulikonse kumene akhotera iye akhotera komweko. Ndinadzuka kukayendera mpanda kawiri usiku umenewo. Kenako n'kupezeka kuti ndi Sir Daniel, wathawa ku nkhondo ya Risingham atagonja, ndipo akuseka kuti wawaopseza, n'kuwapatsa chakudya. Munthu amene angavale ngakhale khate kuti apulumuke.

Bongololo
Basi ndasiya kuwerenga, mwandimalizira nokha.

Chitsulo_cha_Njanji
Pitiriza mphwanga, sitinakuuze za ukwati wa m'tchalitchi.

Bongololo
Musayerekeze.

WakuLeicester
Moni nonse kumudzi. Ine ndilankhule za Richard Crookback, amene anadzakhala mfumu Richard III, chifukwa ndimadutsa pafupi ndi manda ake popita ku ntchito. M'bukumo ndi mnyamata wa msinkhu wa Dick, wa linunda, wothamanga ndi lupanga ngati mphezi. Dick amamupeza pa mtanda wa St Bride akulimbana yekha ndi anthu angapo, n'kumuthandiza, ndipo nkhondo itangotha Richard akulamula kuti ogwidwa apachikidwe pomwepo. Amakweza munthu msanga, amamutayanso msanga.

Koma Richard weniweni anabadwa mu October 1452. Nthawi ya nkhaniyi anali mwana wa zaka 8, ndipo udindo wa Duke wa Gloucester anapatsidwa mchimwene wake atakhala kale mfumu mu 1461. Stevenson ankadziwa, analemba yekha kamawu pansi pa tsamba kuvomereza kuti wasintha zinthu. Za linunda nazo anatengera chithunzi chimene Shakespeare anasiya. Mafupa ake anapezeka kuno mu 2012 pansi pa malo oimikapo magalimoto, pomwe kale panali tchalitchi cha Greyfriars. Akatswiri a pa University of Leicester anatsimikiza mu 2013 kuti ndi iye, ndipo anaikidwanso m'manda mu March 2015 mu Leicester Cathedral. Msana unali wokhota ndithu, koma chokhotera m'mbali, moti phewa limodzi linkakwera kuposa linzake. Linunda lenileni panalibe. Mabala a ku Bosworth ali pa chigaza, ndiye za kulimba mtima pa nkhondo wolemba sananame.

Tsabola265
Mfumu yathunthu kugona pamenepo zaka zoposa 500, mapeto ake magalimoto akuimika pamutu pake. Dziko ili.

MphunzitsiWopuma
Ndipo a WakuLeicester, Greyfriars amenewo ndi chipani chomwecho cha amonke ovala zotuwa chimene Will Lawless amati anathawako. Dziko ndi laling'ono.

Chitsulo_cha_Njanji
Mwamutchula munthu wanga! Lawless ndiye mchere wa buku lonse. Anakhalapo mmonke, anakhalapo wa pa chombo, wakuba, wophika wa gulu la m'nkhalango, chidakwa chosalapa. Ali ndi kadzenje kake pansi pa mtengo waukulu komwe amasunga vinyo ndi zovala, ndipo amati kumeneko ndiye kwawo. Ndi iye anaveka Dick mkanjo wa amonke kuti alowe m'nyumba ya Sir Daniel ku Shoreby, kenako iye yemweyo n'kuledzera m'nyumbamo, kumayimba m'makonde, pang'ono n'kuwulula zonse. Koma pa chiwongolero cha chombo, namondwe ali pakati, anthu akulira, ndi iye yekha amene manja sananjenjemere. Aliyense ali ndi malume wotere: pa maliro ndi iye amakumba manda kuposa onse, madzulo ndi iye mumakamutola m'ngalande.

Mai_a_Mapasa
Mchere wake womwewo ndi umene unamwetsa Arblaster mowa kuti amubere chombo. Tisamamukometse kwambiri.

Gogo_Wamabuku
Eya, tafika pa Arblaster tsopano. A Kafadala, mlandu wa chombo uja musauchotse, usiyeni, chifukwa ndi umene ukuyankha funso lanu.

Taonani mmene zinayendera. Dick akufuna kukapulumutsa Joanna ku nyumba ya m'mbali mwa nyanja, njira ya pamtunda yatsekedwa, ndiye akuti tibe chombo. Lawless akumupeza mwini wa Good Hope, kapitawo Arblaster, munthu wongobwera kumene ndi katundu wake wa vinyo, wosadziwa Joanna, wosadziwa Sir Daniel, wopanda mbali pa nkhondo. Akumumwetsa, akumumanga, akutenga chombo. Chiwembucho chikulephera, anthu akufa pa doko, Lord Foxham akuvulala, chombo chikusweka pa mchenga. M'mabuku ambiri a mtundu uwu nkhani ya mwini chombo ikanathera pomwepo. Ngwazi ikafuna hatchi imangotenga, palibe amafunsa kuti mwini hatchi anadya chiyani mawa lake.

Koma uyu akubweranso. Koyamba Dick akukumana naye usiku, ali ndi wantchito wake Tom ndi galu wake, munthu watheratu, akumwa za ngongole, ndipo Dick akuwapusitsanso ndi nthano ya chuma chobisika kuti athawe. Kachiwiri ndi pambuyo pa nkhondo ya Shoreby. Dick wangopatsidwa kumene ulemu wa Sir Richard, Gloucester akumukonda, ndipo akupeza Arblaster ali m'manja mwa asilikali, akukapachikidwa. Gloucester anali atamulonjeza mphatso iliyonse. Dick akupempha moyo wa nkhalambayo. Gloucester akumuchenjeza kuti akaumirira, chikondi chake chathera pomwepo. Dick akuumirira.

Ndiye apa ndi pamene ndimavulira wolemba chipewa. Arblaster sathokoza. Akumuyang'ana mnyamatayo n'kumuuza kuti chombo chapita, vinyo wapita, Tom waphedwa, iye watsala wopemphapempha pa ukalamba wake, ndipo akuchoka galu ali pambuyo. Dick akutsala ataima, misozi ili m'maso, atataya tsogolo lake kwa Gloucester pofuna kukonza chinthu chimene sichikonzeka. Ine ndinawerenga bukuli koyamba ndili mtsikana, za mivi ndi malupanga ndinaiwala zambiri, koma nkhalamba ija ikuchoka ndi galu wake sinandichoke.

Kafadala
Agogo, malo amenewo nanenso anandigwira, koma ndinawawerenga mwina. Ndinati: onani, ngakhale kukonza kwake n'kolephera.

MphunzitsiWopuma
Kulephera kumeneko n'kumene kunamusintha. Yerekezani ndi tsiku la ukwati wake m'mawa, akukumana ndi Sir Daniel m'nkhalango pafupi ndi nyumba ya amonke ya Holywood, atavala ngati mlendo wa chipembedzo, akuthawira kunja kwa dziko. Dick wa kumayambiriro akanasolola lupanga. Uyu akumutsekera njira ya ku Holywood koma akukana kumupha. Muvi umene ukumugwetsa Sir Daniel ndi wa Ellis Duckworth. Kenako Dick yemweyo akupempha Duckworth kuti wansembe Sir Oliver asiyidwe. Pa mivi inayi yakuda imene inalonjezedwa pa chitseko cha tchalitchi, ya Appleyard, Hatch, Oates ndi Sir Daniel, wa wansembe sunaponyedwe, chifukwa cha mnyamata amene bambo ake ndi omwe anaphedwa.

Tsabola265
Kapena wolemba anangofuna kuti manja a ngwazi yake akhale oyera pa tsiku la ukwati, ndiye ntchito yonyansa anaipereka kwa Duckworth. Dick wapeza zonse: mdani wafa, iye sanaphe. Mwayi womwe a Kafadala akunena uja.

Mlonda_Usiku
Apa Tsabola walasa.

MphunzitsiWopuma
Walasa ndithu, sindikana. Mabuku a anyamata a nthawi imeneyo anali ndi malire ake. Musaiwale kuti nkhaniyi inayamba kutuluka pang'onopang'ono mu 1883 m'magazini ya ana yotchedwa Young Folks, pansi pa dzina lobisika la Captain George North, momwe munatulukiranso Treasure Island. Mwini wakeyo sankaliwerengera kwambiri bukuli, ankaseka yekha Chingerezi chachikale chimene anawayankhulitsa anthu ake, ndipo m'mawu otsogolera akunena kuti mkazi wake sanathe kulimaliza. Koma manja a Dick si oyera monga mukunenera. Kazitape Rutter anamubaya yekha. Anthu a Lord Foxham amene anamenyana nawo m'mbali mwa nyanja mumdima, mbali zonse ziwiri zikufuna kupulumutsa mtsikana mmodzi yemweyo, anafa chabe. Wolemba sanabise zimenezo.

Mai_a_Mapasa
Ine Sir Oliver sindikanamukhululukira. Sir Daniel ndi fisi, amadziwika. Koma wansembe kulumbira bodza pamaso pa mwana amene unamuphunzitsa wekha? Ndipo umaona kuti chikumbumtima chikumudya, nkhope ikusintha, akunjenjemera, koma akulumbirabe chifukwa akuopa bwana. Anthu oterewa ndi amene amapangitsa kuti afisi azikhala nthawi yaitali.

Gogo_Wamabuku
Mwana wanga, pa nkhani ya chigayo chathu panalinso wina wotero, munthu wa mapemphero amene anaona zonse n'kusankha kuyang'ana kumbali. Ndinamukwiyira zaka zambiri kuposa wolandayo. Koma atakalamba ndinkamuonera chisoni, ankalephera kundiyang'ana m'maso pa msika. Sir Oliver kumusiya ndi moyo sikunali kumuchitira chifundo chachikulu.

NyaKaronga
Nanga Bennet Hatch? Palibe wamutchula bwino. Uja amandisokoneza. Anawotcha Grimstone, nyumba ya Simon Malmesbury, ndi munthu wa Sir Daniel mpaka imfa, koma Dick amamukonda zenizeni, ndipo ndi iye amamuchenjeza kuti asamale ndi bwana wawo. Woipa amene ndi wabwino kwa iwe wekha.

Mlonda_Usiku
Hatch ndi wantchito. Ife ogwira ntchito za pa geti timamumva. Ukauzidwa kuti usalowetse munthu, sufunsa kuti walakwa chiyani. Kusiyana kwake n'kwakuti ife sitiwotcha nyumba.

Koma amene ndimamumvera chisoni ndi Appleyard. Nkhalamba inapulumuka ku Agincourt mu 1415, mivi ya dziko lonse la France inamuphonya, n'kudzafera m'dimba mwake pakati pa kabichi. Ndipo anaona yekha mbalame zikuuluka mwachilendo m'mphepete mwa nkhalango, n'kuwauza anzakewo kuti muli anthu mmenemo, iwo akumuseka. Asanamalize bwino, muvi uli pamsana. Mlonda aliyense amadziwa kuti agalu akasiya kuuwa mwadzidzidzi pali chinthu.

Chitsulo_cha_Njanji
Ndiye a Kafadala, chigamulo? Ngwazi kapena chitsiru?

Kafadala
Za kuleredwa ndi mdani ndagonja kwa agogo. Za Arblaster ndabwerezanso kuwerenga masana ano pa nthawi yopuma, ndipo ndaona chimene ndinadumpha: pamapeto nkhalamba ija ikukhala ku Tunstall, Dick akuisamalira mpaka imfa, ngakhale imangodandaulabe za Tom wake. Ndiye mnyamatayo ngongole anaivomera. Lawless naye akubwerera ku Holywood n'kukafera mu mkanjo wa amonke, zimene sindikuzikhulupirira ngakhale pang'ono, vinyo wa pa guwa ankatha msanga kumeneko. Koma za kuyenda ndi mtsikana masiku onse aja osazindikira, pamene woolotsa anthu pa mtsinje anangomuyang'ana kamodzi n'kuyamba kuseka, pamenepo aphunzitsi ngakhale mubwere ndi mbiri yonse ya England simundisintha.

MphunzitsiWopuma
Pamenepo ndilibe umboni wotetezera. Ndinaphunzitsa anyamata a Fomu 3 zaka zambiri, ndipo ndikukuuzani kuti Dick sali yekha.

Mai_a_Mapasa
Amuna anga anatenga miyezi itatu kuti aone kuti ndameta tsitsi.

Bongololo
Ndafika pa wakhate uja tsopano. Ngakhale munandiuza kale kuti ndi ndani, ndatseka zenera.

NyaKaronga
A Kafadala, mukamaliza kubwereza mundibwereke. Ndili ku Lilongwe mpaka Lachisanu, ndikhoza kudzatenga m'tauni.

Kafadala
Palibe vuto mayi, koma masamba awiri a nkhondo ya Shoreby anamatidwa ndi phala, muwerenge mosamala. Ndipo ngongole zili pa tsamba loyambazo si zanga.